Dzanja Lothira Mchere

M'komboni ya famu ya fodya ija, kuseri kwa Raffingora, mkazi sankatha kubisa kuti ali kumwezi. Si kuti anthu ake anali amiseche kuposa a kwina, ngakhale miseche nayo sinkagona ndi njala kumeneko. Chinkaulula ndi mchere. Agogo awo pochoka ku Dedza ndi ku Angonia kudzalima fodya wa azungu anasiya minda, manda ndi abale, koma lamulo la mchere anabwera nalo: mkazi amene akusamba sathira mchere m'ndiwo. Akathira, wadula mwamuna wake. Munthu amayamba chifuwa, mapazi n'kutupa, thupi n'kumatha, ndipo matendawo ndiwo tsempho. Choncho masiku akewo akafika, mkazi ankaitana mayi wachikulire amene anasiya kale kusamba kuti adzamuthirire. Ndipo wachikulire sathira mchere atatsinzina.

Jesinta ankathiriridwa ndi apongozi ake, mayi Adélia, amene ankakhala khomo loyandikana nalo. Mayiwa ankadziwa miyezi ya mpongozi wawo kuposa mwini wake. Mwezi ukadutsa osaitanidwa kumphika, ankayamba kusonkhanitsa nsalu zakale zoti zikhale matewera, ndipo sanaphonyepo. Kasanu konse anayamba kudziwa ndi iwo, Jesinta akadali kudzinamiza kuti ndi malungo.

Ana asanu, woyamba Lovejoy, iye zaka makumi atatu zisanakwane. Ankawakonda onse, zimenezo munthu asakayike, koma aliyense pobwera ankamuchotsa pabenchi. Mushedi yosankhira fodya muli mabenchi aatali pansi pa mawindo, ndipo pamenepo pamakhala okhawo amene ali ndi diso lotha kusiyanitsa tsamba lachikasu ndi lofiirira, lakupsa bwino ndi lopserera. Diso limenelo Jesinta anabadwa nalo. Koma kapitawo Jackson anali ndi lamulo lake: wa mimba ndi wa khanda kumsana benchi si lake, apite kumunda akapalire ngati waganyu. Wolembedwa pemanenti ankakhala yekhayo amene watha sizoni yonse pabenchi osajomba. Ndipo pemanenti si dzina chabe. Nyumba za m'komboni ndi za famu, banja limakhalamo pokhapokha ngati lili ndi munthu wolembedwa. Kwa a Jesinta wolembedwa anali mmodzi yekha, mwamuna wake Collen, wosonkhezera moto m'mabani owotchera fodya. Iyeyo akanagwa, kunalibe kumudzi kobwerera. Dedza kwa iwo linali dzina longomva kwa akuluakulu pamaliro.

Mapilitsi olera Jesinta anali atayesapo. Ankakawatenga kukiliniki, ulendo wapansi wodya tsiku lathunthu, n'kumawabisa m'thumba la malaya akutchalitchi. Chaka china mvula inakokolola mlatho, ndipo madzi ataphwa anakapeza mapilitsi atha. Zotsatira zake anali Rutendo, mwana wachisanu. Collen sanali munthu wankhanza, dzanja lake silinamukhudzepo moipa. Koma nkhani ya kulera ikayamba ankangoseka n'kunena kuti ana ndi mphatso. Kuseri kwa kusekako kunali mayi ake, amene anaika ana anayi m'manda a mafamu osiyanasiyana n'kutsala ndi Collen yekha. Kwa mayi Adélia mdzukulu aliyense anali chipukutamisozi, ndipo ndani angawaweruze?

M'nyengo yotentha kunabwera galimoto ya anamwino oyendayenda, n'kumanga tenti kuseri kwa sukulu. Jesinta anatenga nkhwangwa ndi chingwe ngati akupita kunkhuni, n'kudzera kwa mnzake Asiya, amene ankagulitsa matemba ndi tomato pageti ya famu.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, shamwari," anatero Asiya. "Amene amabereka ndi iwe, kwete vamwene vako, si apongozi akowo. Ine njira yanga yolera ili pamkono pano, chaka chachiwiri ichi, mwamuna wanga Kassimu sadziwa n'komwe. Handei, tiye."

Anamwino aja anamuika njira ya pamkono, ya zaka zisanu, mkati mwa mkono wamanzere pamwamba pa chigongono. Namwino anali ndi mzere wautali dzuwa likupendeka, ndiye anangomuuza mwachidule kuti ena amadontha magazi pang'ono, zimatha zokha. Jesinta anabwerera kunyumba atasenza nkhuni zenizeni, mtima uli mbee. Anali wosangalala, chimwemwe cha munthu amene watula katundu yemwe ankaganiza kuti adzafa naye.

Koma walira mvula walira matope. Magazi anayamba ndipo sanafune kusiya. Sanali ambiri, timadontho chabe, lero tilipo, mawa tasowa, mkuja tabweranso. Sabata yoyamba mayi Adélia anathira mchere monga mwa masiku onse. Yachiwiri anathira akuyang'ana mpongozi wawo cham'mbali. Kenako tsiku lina anaima ndi chitini cha mchere m'manja osachitsekula.

"Amake Lovejoy, mwezi wako uno ngwotani wosatha? Ine ndakalamba chonchi sindinauonepo. Kapena wapita padera ukubisa? Mawa ndiitana anzanga, tikuone bwinobwino."

Kuonedwa ndi amayi achikulire ndiko kuvula zonse, ndipo zala zawo sizingalumphe mkono wokhala ndi chipsera chatsopano.

"Ayi amayi," anatero Jesinta. "Zatha dzulo. Ndangokuitanani mwachizolowezi. Ndithira ndekha."

Mayiwo atachoka, anatsala ndi mphika wa repu ndi matemba ukubwata. Anatsina mchere n'kupempha Mulungu kuti ngati pali tsoka ligwere iyeyo. Kenako anathira. Collen anadya n'kunyambita zala, anawo anakanganirana msuzi, ndipo kunja kunacha aliyense ali bwinobwino. Kunachanso, kunachanso. Mantha ali ngati nsapato yatsopano, amaluma masiku oyamba kenako phazi limazolowera. Jesinta anayamba kuthira osapemphera. Mwezi uliwonse ankasankha masiku ochepa oitana apongozi ake kumphika kuti asayambe kufuna matewera, ndipo masiku ena onse, magazi alipo kapena palibe, ankathira yekha.

Dzinja linafika, fodya anathyoledwa, mabani anayamba kufuka. Collen ankakhala kumeneko usana ndi usiku, kuponya zikuni m'ng'anjo, kulowa mu utsi ndi kutuluka m'mvula thukuta lili kamukamu. Anayamba kutsokomola, koma wa kumabani wosatsokomola ndani? Kusankha kutayamba Jesinta anapeza malo pabenchi la pawindo. Dzanja lamanzere linkagwira mtolo, lamanja likusolola masamba, ndipo mulu wake unkakwera anzake akadali kuyasamula. Panalibe mwana kumsana, panalibe nseru ya m'mawa. Kwa nthawi yoyamba anagulira Lovejoy nsapato za sukulu ndi thukuta lake iye mwini.

"Mai Lovejoy, chaka chino mwabwera ndi moto," anatero kapitawo Jackson tsiku lina. "Mukapedza sizoni, mukaimaliza musina kujomba, dzina lanu ndalipereka kale kwa manijala. Pemanenti. Asi mukajomba, musandidandaule."

Mabani anazima, koma chifuwa cha Collen sichinazime. Nyengo yozizira itayamba, lamba wake anafuna bowo latsopano, ndipo usiku ankanyowetsa bulangete ndi thukuta. Anamutengera kukiliniki pa thirakitala ya famu, anabwerako ndi mapilitsi a TB oti amwe miyezi yambiri. Anamwa, koma mapilitsi amenewo sathamanga. Anasiya kupita kuntchito. Manijala anatumiza mawu aulemu akuti apepese, famu iwadikira mpaka fodya atatha kugulitsidwa, kenako nyumba idzafunika kwa wogwira ntchito. Ndiye tsopano denga la anthu asanu ndi atatu, la mayi Adélia lomwe, linatsamira pa benchi la Jesinta.

Tsiku lina m'mawa Jesinta akuthandiza Collen kuvala, nsapato inakana kulowa. Mapazi a Collen anali atatupa. Jesinta anadina ndi chala, pamalopo panatsala kadzenje.

Anathamangira kwa Asiya nthawi yopuma masana.

"Iwe, usapenge," anatero Asiya akuingitsa ntchentche pa matemba. "Utsi uja wapha amuna angati muno? Bambo ako anafa ndi chiyani, si womwewo? Mayi ako anathiranso mchere? Dokotala wanena kuti TB, saka ndi TB. Tseka pakamwa, maliza sizoni."

Jesinta anavomera ndi mutu. Mawu a Asiya anali omveka, ndipo ankawakhulupirira akakhala pabenchi, masamba ali m'manja. Koma akalowa m'nyumba n'kumva chifuwa chija chikung'amba, mawuwo ankatsala panja.

Mayi Adélia nawo anali ataona mapaziwo. Anayamba ndi mwana wawo, monga mwambo ufunira. Anamufunsa ngati anadumphapo mpanda, ngati anadyapo kwa mkazi wina ku Guruve kapena kumabhawa. Collen analumbira pa manda a bambo ake. Ndiye Lamlungu lina atabwera kutchalitchi, mayiwo anakhala pansi pakhonde pafupi ndi Jesinta. Akanakalipa bwenzi zili bwino, Jesinta akanalimba mtima n'kukana. Koma sanakalipe.

"Mwananga, ine sindikunena munthu," anatero motsitsa mawu. "Ndaika anayi. Uyu ndiye nsanamira yanga yotsala. Tsempho salola mankhwala ngati wodulayo sanaulule, zimenezo ukuzidziwa. Ngati pali chimene unalakwitsa, ngakhale mwangozi, nena. Sindikumenya, sindikuthamangitsa. Ndingofuna mwana wanga adzandiike ine, osati ine iyeyo."

Analira, nkhalamba imene Jesinta sanaionepo ikulira ngakhale pamaliro. Jesinta anapirira masiku angapo. Chinamugwetsa ndi Collen, amene tsiku lina analavula magazi m'kansalu n'kuyesa kukabisa, kenako n'kumupepesa iyeyo kuti wamusiyira mtolo wonse. Munthu wodwala chonchija kupepesa amene wamudula! Jesinta anagwada pakati pa nyumba, apongozi ake ali pomwepo, n'kuulula zonse: tenti, mkono, magazi, mchere wa miyezi yonseyo.

Collen anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Bwenzi utandiuza," anatero.

"Mukanavomera, bambo a Lovejoy?"

Collen anatembenukira kukhoma.

Mayi Adélia anasunga mawu awo, sanamutukwane. Anapita kwa sing'anga wa pafamu yoyandikana nayo n'kubwerako ndi mizu ndi malangizo. Mankhwala a tsempho amaphikidwa m'phala, ndipo wophika, wothira mchere ndi womwetsa ayenera kukhala yemwe anadulayo, ali woyera, magazi atasiyiratu. Koma magazi a Jesinta sakanasiya chinthucho chili m'thupi.

"Chituluke," anatero mayiwo. "Changu, mwananga. Munthuyu akutha."

Jesinta anajomba tsiku limodzi n'kuyenda wapansi mpaka kukiliniki. Namwino wa kumeneko anali mayi wotopa koma wa mtima wabwino. Anamumvetsera mpaka pamapeto, n'kumuuza kuti mchere sudwalitsa TB, kuti mapazi atupa chifukwa magazi achepa m'thupi, kuti mwamunayo achira akapitiriza mapilitsi ndi kudya bwino. Za kuchotsa anati iwo alibe zida zake, ndipo amene anaphunzira kuchotsa anasamutsidwa. Adikire galimoto ija, mwina ibwera kukatentha ngati mafuta apezeka. Apo ayi apite kuchipatala chachikulu ku Chinhoyi, kumene munthu amafunika ndalama ya kombi, ya pakhomo ndi masiku ogona pamzere.

"Asi unoda kubvisirei? Mukufuna kuchotseranji?" anafunsa namwinoyo. "Ana asanu, mwamuna akudwala. Mukachotsa, chaka chamawa muli ndi wachisanu ndi chimodzi. Muzidya chiyani?"

Njira yonse yobwerera Jesinta ankadziwa kuti namwino wanena zoona. Anadziwa powoloka mlatho, anadziwa podutsa minda ya chimanga chouma. Atafika pakhomo anapeza Collen sanadye tsiku lonse, ndipo mayi ake atamukhazika pamiyendo ngati khanda, akumupukuta pakamwa. Mayiwo anatukula maso kuyang'ana mkono wa Jesinta, n'kuona kuti palibe bandeji.

M'mawa mwake kapitawo Jackson anamudikira pakhomo la shedi.

"Dzulo ndakubisirani, ndati mwatumidwa," anatero. "Kamodzi kokha, mai Lovejoy. Kunja uku kuli akazi ambiri akulifuna benchi limenelo. Kwatsala pang'ono kuti tipedze, sizoni ithe. Shingirirai, pirirani."

Kunali kutatsala pang'onodi. Fodya wa pansi anali atatha, otsala anali masamba a pamwamba, mabelo akudindidwa tsiku ndi tsiku. Akanangopirira masabata ochepa, dzina likanalembedwa, nyumba ikanakhala yawo. Koma masabata ochepa ndi ambiri kwa munthu amene akutha. Ndipo funso limene linkamudya Jesinta silinali loti ndani akunena zoona, namwino kapena apongozi. Linali loti, Collen atafa iye atasunga chinthucho, adzawayang'ana bwanji ana ake? Adzakhala bwanji m'nyumba yogula ndi moyo wa bambo awo, komboni yonse ikudziwa?

Mayi Adélia ndiwo ankatema mphini anthu a m'komboni, lumo ankalidziwa. Lamlungu masana, anthu atapita kumpira, anatumiza ana onse kwa oyandikana nawo n'kuyala mphasa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi zenera la chipinda chimene Collen anagona. Anawiritsa lumo latsopano m'madzi a mchere, n'kuika pambali kachitsulo kozulira minga ndi nsalu yoyera yong'amba ku malaya awo akumvano. Jesinta anagona chagada, mkono atautambasula, mpango ali nawo kukamwa.

Zala za mayiwo zinafufuza mpaka zinapeza kanthu kolimba pansi pakhungu. Anatema kamodzi, mosamala, ngati mphini yaitali. Ululu unakwera mpaka m'khutu, Jesinta analuma mpango, miyendo ikupalasa mphasa. Kachitsulo kanalowa, kanaphonya, kanalowanso. Kenako mayiwo anati, "Aka!" n'kutukula kamtengo koyera, kofewa, kotalika ngati kamtengo ka machesi.

"Kanthu kakang'ono chonchi," anatero akukatembenuza padzuwa, misozi ili m'maso. "Zatha, mwananga. Walimba mtima. Mulungu akudalitse. Bala lake ndi laling'ono, mawa upita kuntchito bwinobwino."

Ananena zoona. Balalo silinali lakuya, bandeji ndi malaya a manja aatali zikanabisa zonse, ndipo dzanja likanagwira mtolo ngati kale. Mayi Adélia anakulunga kamtengoko m'tsamba kuti akakaponye m'chimbudzi, n'kuyamba kutsuka magazi pamkono, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Nkhope yawo inali itamasuka kwa nthawi yoyamba chiyambire nyengo yozizira.

Chimene mayiwo sankadziwa, ndipo panalibe wina m'nyumbamo wodziwa kupatula mwini mkono, n'chakuti namwino wa m'tenti uja anaika timitengo tiwiri. Kachiwiriko kanali katasuntha n'kumira mumnofu. Jesinta yekha ndiye ankakamva akadina mwamphamvu posamba, kutali ndi chipsera, pafupi ndi pamene mtsempha umagunda. Kamtengo kamodzi mwina kakanamuteteza chaka china, mwina ziwiri, ndipo mwina magazi akanachepa n'kusiya okha. Akanangokhala chete. Palibe akanamufunsa. Kukafuna komwe kanaliko kunali kukumba, osati kutema, ndipo mkono wokumbidwa chotero sugwira mtolo mawa, kapena sabata yamawa, mwinanso osadzagwiranso bwino. Benchi likanapita, dzina likanapita, ndipo nyumba ikanatsatira.

Anatseka maso. Anaona benchi la pawindo ndi kuwala kwa m'mawa kukugwera pa masamba. Ankalifuna benchilo, ankalifuna ndi mtima wake wonse, kuposa mmene anafunirapo chinthu china chilichonse chake iye mwini. Anauza lilime lake kuti ligone.

Kuseri kwa zenera Collen anayamba kutsokomola. Chinali chifuwa chachitali, chokoka pansi penipeni, chosalola munthu kupuma. Chinapitirira mpaka mayi Adélia anasiya kuimba. Chitadukiza, kunamveka kamawu kochepa kakuitana madzi, ndipo sikanaitane mayi ake.

"Jesi," kanatero. "Jesinta."

Mayi Adélia anali atatenga kale nsalu yoyera kuti amange bala. Jesinta anawagwira dzanja, n'kutsogolera chala chawo m'mwamba mwa mkono, n'kuchidinikiza pansi mpaka mayiwo anamva chimene iye ankamva. Maso awo anakumana.

"Amayi, musataye lumo," anatero. "Kalipo kena."

Anabwezera mpango kukamwa n'kutambasulanso mkono.